Mishoni si ku Joni: mawu kwa achinyamata a ku Salima amene akunyamuka

Ang'ono anga, inu amene kalata yokuitanani kukatumikira ngati amishonale yakufikani, nkhani yoyamba ndi imene ambiri amaizengereza mpaka tsiku lokwera ndege. Khalani pansi ndi makolo anu, amalume anu ndi aliyense amene ali ndi mawu pakhomo panu, muwauze mosapsatira kuti kumene mukupitako simukalandira malipiro. Kuno ku Salima mwana akapita kunja, anthu amayamba kudikira uthenga wa Mukuru. Taona anyamata a ku Senga Bay, ku Chipoka ndi kwa Khombedza akupita ku Joni, pakapita miyezi malata afika, mlongo wawo wabwerera kusukulu. Ndiye agogo anu akamva kuti mukukwera ndege, mumtima mwawo njala yatha kale. Mukapanda kuwamasulira panopa, adzakuyesani mwana wouma mtima amene wafika pabwino n'kuiwala kwawo.

Mmishonale wa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza salipidwa. Mnyamata amatumikira miyezi 24, mtsikana miyezi 18, ndipo kandalama kamene kamalowa pa khadi mwezi ndi mwezi ndi kogulira chakudya, sopo ndi kulipira galimoto. Ndi ndalama imene anthu anaipereka kwa Ambuye, ena mwa iwo osauka ngati ife tomwe, ndipo lamulo silola kuitumiza kumudzi kapena kuisunga kuti mudzabwerere ndi foni. Ine ndinatumikira ku Ghana, mishoni ya Kumasi, ndipo kumeneko ndinaona mnyamata wina akudya kamodzi patsiku kuti apatuleko yotumiza kwa mayi ake. Anali mwana wabwino, chimene ankachitacho chinali chikondi, koma anawonda mpaka kolala ya malaya inkayenda yokha m'khosi, ndipo malungo atamugwira analibe mphamvu yolimbana nawo. Akanalankhula ndi a kwawo asananyamuke, sakanafika pamenepo.

Za mapepala sindichulukitsa, a bishopu kapena a pulezidenti a nthambi yanu ya mpingo akuthandizani. Pasipoti muiyambe msanga, ndipo ngati mukupita ku Ghana kapena maiko ena a kumadzulo kwa Africa, khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever muisunge pamodzi ndi pasipotiyo, chifukwa popanda iyo pa bwalo la ndege mudzavutika. Masabata oyamba mudzakhala pa sukulu yophunzitsira amishonale. Ya ku Accra ili pafupi ndi kachisi amene anapatulidwa mu 2004, ndipo kwa ambiri a ife amenewo ndiwo anali malo oyamba kulowa m'kachisi, poti wa ku Johannesburg, wa 1985 uja, ulendo wake si wa aliyense.

Pa katundu, ndalama yanu ithere pa nsapato. Musatengeke ndi zosongoka zonyezimira za pa ukwati. Pitani pa kaunjika pa Kamuzu Road, musankhe zachikopa za pansi pochindikala, muzipinde ndi manja kuti muone ngati sizikung'ambika m'mbali, kenako mupite nazo kwa wosoka nsapato azizungulize ndi ulusi zisanayambe n'komwe kumatuka. Zikhale ziwiri, muzisinthanitsa, ina ikuuma thukuta ina ili kuphazi. Malaya oyera a manja aafupi, singano ndi ulusi, ndiponso mthiko. Ufa wa chimanga mudzaupeza kumsika, koma mthiko wokomera dzanja lanu simudzaupeza. Usipa ndi ufa wa kwanu musanyamule, angakulandeni pa chipata.

Tsiku la mmishonale si lake. Kudzuka 6:30 m'mawa, kupemphera, kulimbitsa thupi theka la ola, kusamba, kudya, kenako ola lathunthu kuwerenga malemba pawekha. Pamabwera kukonza za tsikulo ndi mnzako, tikaona ndani, tikamuphunzitsa chiyani, akapanda kupezeka tikalowera kuti. Kenako mumatuluka, ndipo kupatula nthawi ya chakudya mumakhala pa msewu mpaka madzulo. Kugona 10:30. Mamishoni ena amasuntha nthawi zimenezi kuti anthu adzuke msanga ndi kulowa m'nyumba kusanade kwambiri, choncho mutsatire zimene pulezidenti wa mishoni yanu wakhazikitsa. Tsiku limodzi pa sabata, kawirikawiri Lolemba, ndi lochapa, kugula zakudya, kumeta ndi kulankhula ndi a kumudzi. Kudzuka m'mawa ife sikutivuta, tinazolowera kulawirira kumunda ndi kudoko. Chimene chimavuta ndi chakuti palibe ola limene munganene kuti ili ndi langa, ndikayende ndekha ndikapitidwe mphepo.

Pamenepa ndi pamene pali nkhani ya mnzanu wotumikira naye, ndipo ndikuuzeni zoona, mishoni yambiri imakoma kapena kuwawa chifukwa cha munthu ameneyu, osati chifukwa cha anthu okana uthenga. Simumusankha. Lamulo ndi lakuti muzikhala pamene mukuonana ndi kumvana nthawi zonse, kupatula kubafa ndi kuchimbudzi. Mumagona chipinda chimodzi, mumadya pamodzi, mumapemphera pamodzi. Masabata asanu ndi limodzi alionse pamakhala kusamutsa, mwina mupatsidwa wina, mwina mukhala ndi yemweyo miyezi ingapo. Angakhale wa ku Utah ku America amene sanachapepo ndi manja chibadwire, wa ku Nigeria wolankhula mokweza ngati mwayambana pamene akungocheza, wa ku Congo amene Chingelezi chikumuvuta kuposa inu, kapena wa ku Philippines.

Vuto lathu Amalawi ndi kukhala chete. Tinaleredwa kuti munthu akakukhumudwitsa umangoti palibe kanthu, n'kumeza. Kwathu kumeneko ndi ulemu ndipo mnzako amadziwa yekha kuti walakwa. Kunja sadziwa. Mukati palibe kanthu, iye amakhulupirira kuti palibedi kanthu, mawa abwerezanso, inu mukutupa m'kati mpaka tsiku lina mudzaphulika pa nkhani ya mbale yosatsuka. Sabata iliyonse pamakhala nthawi yoti awirinu mukambirane za mmene mukukhalira. Muigwiritse ntchito. Nenani modekha kuti achimwene, mukamandidula mawu pamaso pa anthu amene tikuwaphunzitsa zimandipweteka. Si mwano umenewo. Ndipo ngati mnzanuyo akuswa malamulo akuluakulu, kapena akukunyozani chifukwa cha khungu kapena umphawi wa kwanu, uzani pulezidenti wa mishoni. Kumeneko si kuneneza, anakuikani awiri kuti muzitetezana.

Palinso kaduka, kamene sitikonda kukavomereza. Mnzanu wa ku America adzalandira katoni ya maswiti ndi masokosi kuchokera kwa mayi ake, inu osalandira ngakhale kalata. Adzakamba za galimoto imene ikumudikira ndi yunivesite imene anapeza kale malo. Musamupemphe zinthu, ndipo musayambe kumuona ngati njira yopitira ku America. Akakugawirani landirani ndi manja awiri, nanunso mumuphikire nsima, mumuphunzitse kuchapa kolala ndi kutsitsa mtengo pamsika. Pa baji yakuda ija pachifuwa, iye ndi Elder, inunso ndi Elder, ndipo pa ntchito yolankhula ndi mayi amene mwana wake wagona ndi njala, inu mukudziwa zambiri kuposa iye.

Chakudya cha eni ake muchidye. Ku Kumasi adzakupatsani fufu, chinangwa chosinja pamodzi ndi nthochi zophika, chomira mu msuzi wa tsabola wochita kutulutsa misozi. Sachitafuna, amangomeza, ndipo amene munakulira kondowole wa ku Nkhotakota simudzachedwa kuzolowera. Banku ndi kenkey ndi za chimanga chowawasa, masiku oyamba mudzaona ngati chakudya chasasa, koma ndi mmene chimakhalira. Dzanja lamanzere musapatsire nalo munthu kanthu, musalonjere nalo, musadyere nalo. Tiyi, khofi, mowa ndi fodya munazisiya kale potsatira Mawu a Nzeru, lamulo la mpingo la zaumoyo, koma wina akakuitanirani tiyi funsani kaye chimene chili m'kapu musanakane, nthawi zambiri ndi Milo. Moni wa chinenero chawo muuphunzire sabata yoyamba yomweyo, kwa amayi a pamsika ndi ana a m'njira, chifukwa nkhalamba imene mwaipatsa moni mu Twi imakupatsani mpando ngakhale ilibe chidwi ndi zimene mwabwera nazo.

Ife a kunyanja timadzitama kuti malungo tinakula nawo. Imwani mankhwala oteteza amene mishoni ikupatseni, gonani mu neti, madzi muzimwa osefa. Kuyambira December mpaka February kumawomba harmattan, mphepo youma ya fumbi yochokera ku chipululu cha Sahara, milomo imang'ambika ndipo malaya oyera amafiira tsiku lomwelo, choncho Vaseline asakusoweni. Ndipo kusambira n'koletsedwa kwa mmishonale nthawi yonse ya utumiki wake. Kwa mwana wa ku Senga Bay lamulo limeneli limapweteka kuposa mmene anthu ena angaganizire. Pafupi ndi Kumasi pali nyanja ya Bosomtwe, mudzaima m'mphepete mwake thukuta likuyenda mumsana, ana akudumphira m'madzi, inu mutavala tayi. Lamulolo ndi la onse, odziwa kusambira ndi osadziwa omwe.

Mafunso ovuta adzabwera, ndipo ndikupemphani kuti musawathawe kapena kunama. Adzakufunsani kuti iwe munthu wakuda ukutani mu mpingo umene unkakaniza akuda unsembe. Musanene kuti ndi bodza, chifukwa si bodza. Chiletsocho chinalipo, chinachotsedwa mu June 1978 pa nthawi imene Spencer W. Kimball anali pulezidenti wa mpingo, ndipo mpingo lero umakana poyera maganizo onse amene ankaperekedwa kale oti khungu lakuda ndi temberero. Muiwerenge nkhani imeneyi muli konkuno, mulimbane nayo mumtima mwanu ndi m'pemphero, kuti isadzakudzidzimutseni pakhonde la munthu. Za mitala nazonso adzafunsa: inalipo, ndipo pulezidenti wa mpingo Wilford Woodruff analengeza kutha kwake mu 1890. Dzina loti Mormon anthu adzakuitanani nalo, ndipo ngakhale Russell M. Nelson, ali pulezidenti wa mpingo, anapempha mu 2018 kuti tizitchula dzina lonse la mpingo, musakangane ndi munthu pamsewu chifukwa cha zimenezo, mungomuuza dzinalo mwaulemu.

Mudziwenso kuti kumene mukupitako simukukayambitsa chikhulupiriro. Ku Ghana, Joseph William Billy Johnson anawerenga Buku la Mormoni mu 1964 nayamba kusonkhanitsa anthu, ndipo anadikira zaka 14 kuti abatizidwe mu 1978. Kuyambira June 1989 mpaka kumapeto kwa 1990 boma la Jerry Rawlings linatseka nyumba zopemphereramo za mpingowu ndi kuthamangitsa amishonale akunja, mabanja n'kumadya mgonero m'nyumba zawo. Ena mwa anthu amene anapirira nthawi imeneyo akadali moyo, amakhala pa benchi yakutsogolo Lamulungu. Mukawapeza, khalani pansi muwamvere.

Pali mphatso imodzi imene Salima anakupatsani osadziwa. Tinakula tikumva kuitana kwa ku mzikiti m'mbandakucha, tinaphunzira kalasi imodzi ndi Asilamu, tinadya nawo pa Idi, tinalira nawo maliro. Anzanu ena adzafika mu zongo, madera amene mumakhala Asilamu ambiri, ali ndi mantha kapena mtima wofuna kutsutsana. Inu muwaonetse mmene amalowera pakhomo la munthu wa chipembedzo china, ndipo mutsatire malangizo a mishoni yanu pa za amene mungawaphunzitse.

Za chikhulupiriro chanu chenicheni, musayembekezere kuti tsiku lililonse mtima udzatentha. Padzakhala masabata oti amene analonjeza kubwera kutchalitchi sanabwere, amene munamukonzera ubatizo wazimitsa foni, ndipo madzulo mukupereka manambala opanda kanthu kwa mtsogoleri wanu pamene ena akutchula maubatizo. Nthawi imeneyo pamabwera chiyeso chokankhira munthu m'madzi asanakonzeke, kapena kumusiya aziganiza kuti akabatizidwa mpingo umulipirira fizi. Musatero. Munthu wolowa chifukwa cha thandizo amatuluka thandizolo likapanda kubwera, ndipo amatuluka ndi mkwiyo. Ola lija la m'mawa mulisunge, ngakhale tsiku limene mawu akuoneka ouma. Pa Alma 26:27, m'Buku la Mormoni, ana a Mosiya akuvomereza kuti mitima yawo inafooka ndipo anatsala pang'ono kubwerera, ndipo amenewo ndi amishonale amene timawatamanda. Koma ngati chisoni chakhazikika, simukugona, simukudya, musangoti ndisala kudya chichoke. Uzani pulezidenti wa mishoni kapena akazi awo, alipo anthu ophunzira za maganizo amene ntchito yawo ndi yomweyo.

Kale mmishonale ankaimba foni kwawo kawiri pa chaka. Kuyambira February 2019 amaloledwa kulankhula ndi banja lake sabata iliyonse pa tsiku lija lochapa. Ndi chifundo chachikulu, koma chili ndi katundu wake. Mu January ndi February mudzamva ndi khutu lanu kuti ufa watha, kuti feteleza sanagule, kuti mng'ono wanu amubweza kusukulu, inu muli kutali opanda chotumiza. Ndi chifukwa chake ndayamba ndi kukhala pansi kuja. Konzaninso za foni musanachoke: ndani pakhomo ali ndi foni ya intaneti, bandulo azigula ndani, ndipo awerengere kuti Ghana ili m'mbuyo ndi maola awiri.

Chomaliza ndi maliro, ndipo musaope kuwatchula pamaso pa akuluakulu. Kawirikawiri mmishonale sabwerera kudzaika maliro, ngakhale a munthu wapafupi, ndipo kwathu kuno kusapezeka pa maliro a kholo ndi nkhani imene mudzi suiwala. Muwauze amalume anu zimenezi pamaso pa mboni. Musankhe munthu mmodzi wodekha, mumusiyire nambala ya a bishopu anu ndi ya ofesi ya mishoni, mugwirizane kuti chikachitika chinthu uthenga udzere kwa pulezidenti wa mishoni, amene adzakuuzeni muli pansi ndi mnzanu pambali, musadzaumve pa Facebook.