Ndalama za chitetezo cha pamsewu zigawidwe bwanji?

Bambo wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo yofunsa ngati sikungakhale chilungamo kuti ndalama zotetezera anthu pamsewu zizigawidwa mofanana kwa makhonsolo a maboma onse 28, popeza iye akuona kuti mizinda ndiyo imapeza zambiri.

Bambo, ndiyambe ndi kumene ndalamazi zimachokera. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali kamsonkho ka misewu, ndipo amene amasunga ndi kugawa ndalamazo ndi a Roads Fund Administration, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Bungwe lomweli limatoleranso ndalama pa zipata za Chingeni, chomwe chinatsegulidwa mu 2021, ndi Kalinyeke ku Dedza. Koma msewu wa M1, umene umadutsa pakati pa boma lanu, suli m'manja mwa khonsolo; amauyang'anira ndi a Roads Authority.

Apa ndi pamene ndikusiyana nanu maganizo. Imani pa Lizulu kapena pa Kampepuza tsiku la msika muone amayi atayala tomato ndi kabichi phazi limodzi lili pa phula, akabaza akudikira makasitomala m'mphepete, thiraki yolemera ikutsika mtunda. Khonsolo yanu itapatsidwa gawo lofanana ndi la Likoma, kumene galimoto ndi zowerengeka, ndalamazo zikanathera pa misewu yafumbi, pomwe malo amene akutha anthu akanatsala momwemo, chifukwa khonsolo singaike zitumbira kapena kukonza podutsira anthu pa msewu umene si wake popanda chilolezo.

Ine ndikuti ndalama zitsate ngozi. Ku England boma linasankha misewu 50 yoopsa kwambiri malinga ndi kafukufuku wa bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la Road Safety Foundation, n'kupatsa makhonsolo ake pafupifupi mapaundi 100 miliyoni, khonsolo iliyonse itafotokoza ntchito yeniyeni imene ikufuna kuchita.

Vuto lathu ndi ziwerengero. Munthu wogundidwa ali pa njinga amene wamwalira patapita masiku angapo kuchipatala, kapena amene achibale angomutenga n'kukamuika kumudzi, kawirikawiri salowa m'mabuku a polisi, ndipo maboma akumidzi ndi amene amaluza kwambiri pamenepa. Chotero pa msonkhano wa khonsolo yanu, funsani makhansala ngati ziwerengero za polisi akuziphatikiza ndi za chipatala cha boma, ndiponso ngati analembera a Roads Authority mayina a misika imene ikufunika kusunthidwa kuchoka pa phula.