Kiliniki yathu itagulidwa ndi kampani yaikulu

Mayi, mwafunsa m'gulu lathu lino la alendo okhala ku South Africa ngati muchoke kapena mukhale pa kiliniki yanu imene yagulidwa. Uthenga mwalandirawo, wonena kuti kiliniki ya dokotala wanu yalowa m'manja mwa eni atsopano koma palibe chimene chisinthe, ndi womwewo umene tinalandira ife, ndipo ndikukupemphani kuti musaukhulupirire. Chikwangwani chikhala chomwecho, mwinanso dokotalayo akhalapo kwa kanthawi, koma kompyuta, mitengo, nthawi yotsekera ndiponso mgwirizano wa kilinikiyo ndi medical aid yanu (inshuwalansi yolipirira chithandizo cha kuchipatala) zikhoza kusintha tsiku limodzi popanda wokuuzani.

Ife tinkapita kwa dokotala wina wachikulire kumwera kwa Johannesburg, amene ankamudziwa mwana wathu wamkazi kuyambira ali wakhanda. Mwanayu ali ndi mphumu. Kapepala ka mankhwala ake kakatha nthawi, tinkangoimba foni, dokotala n'kulemba kena, ife n'kudutsirako madzulo poweruka kuntchito. Kilinikiyo itagulidwa ndi kampani ina imene ikusonkhanitsa makiliniki ang'onoang'ono, dzina lake sinditchula, foni ija inasiya kulira pakhomo pa dokotala n'kuyamba kulira ku ofesi yolandira mafoni kwinakwake, ndipo mtsikana amene anandiyankha anati lamulo latsopano likufuna kuti mwana aonedwe kaye asanalemberedwe mankhwala, koma malo analipo sabata yotsatirayo. Ndinamufotokozera kuti inhaler, kachipangizo kopopera mankhwala a mphumu m'kamwa, yatsala pang'ono kutha. Anandiuza mwaulemu kwambiri kuti akumvetsa, n'kubwerezanso tsiku lomwelo.

Matendawo anafika tsikulo lisanakwane. Unali usiku wa mu July, kuzizira kwa kuno kumene mukukudziwa nonse, ndipo tinadzidzimuka kumva chifuwa cha mwana chikulira ngati mluzu. Nthiti zinkakokera mkati pa mpweya uliwonse, ndipo akafuna kuitana mayi ake mawu ankadukira panjira. Tinathamangira ku kiliniki kuja, kumene kale kunkakhala namwino mpaka usiku ndithu, ndipo tinapeza chitseko cha zitsulo chokhomedwa, pagalasi pomatidwa pepala lokhala ndi nambala ya ofesi ya mafoni ija. Mlonda ndi amene anatiuza kuti odwala usiku tsopano amapita ku chipatala chachikulu cha kampaniyo, mbali ina ya tauni. Ndinayendetsa galimoto manja akunjenjemera, mayi a mwana ali kumbuyo kupopera inhaler imene munalibenso kanthu.

Chimene chinachitika pa kauntala sindidzachiiwala. Mnyamata wolembera odwala anapempha nambala ya chitupa, ine n'kupereka pasipoti ya mwana, iye n'kunena kuti kompyuta yawo yatsopano ikufuna nambala ya manambala 13 ya chitupa cha South Africa. Anayesa dzina, anayesa tsiku lobadwa, anayesa dzina langa, koma fayilo ya mwana amene wakhala akuonedwa kwa zaka zonsezo sinapezeke, chifukwa posamutsa mafayilo akale aja athu a anthu a mapasipoti anatsalira. Atalowetsa nambala ya medical aid, ananditembenuzira kompyutayo kuti ndione ndekha: chipatalacho sichinali pa mndandanda wa malo ovomerezeka pa pulani yathu, choncho ndimayenera kulipira kaye. Nthawi yonseyi mwana anali paphewa pa mayi ake, milomo itayamba kusintha mtundu, ine ndikufufuza khadi la ku banki m'chikwama. Amene anatipulumutsa ndi namwino wina wachikulire amene ankangodutsa atanyamula thireyi. Atamva kapumidwe ka mwanayo anaika thireyi pansi, n'kumulanda mwana kwa mayi ake osafunsa aliyense, ndipo pamene ine ndinkamaliza kukangana pa kauntala, mwana anali atavekedwa kale chigoba cha mpweya ndi mankhwala.

Mnyamata uja sindimuimba mlandu, chifukwa ankachita zimene makina ankamulola. Mkwiyo wanga uli pa mabwana amene anagula kilinikiyo ataŵerengera bwino lomwe kuti ili ndi odwala angati ndipo aliyense amabweretsa marandi angati, koma osakhala pansi kuganiza kuti ena mwa odwalawo ndi alendo opanda chitupa cha dziko lino. Anatitumizira uthenga wotiyamikira ndi wotilonjeza chisamaliro chapamwamba, koma analephera kulemba mzere umodzi wotichenjeza kuti tifunse ku medical aid ngati tidakali ovomerezeka. Dokotala wathu wakale nayenso ndinamudandaula, ngakhale ndikudziwa kuti munthu wokalamba amene watopa ndi kulimbana ndi mabilu osalipidwa sangakane ndalama yopumira nayo.

Zimenezi si za kiliniki yathu yokha, ndipo ndi bwino kuti gulu lino lidziwe kumene zinthu zikulowera. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda la Competition Commission linachita kafukufuku wamkulu wa zipatala zolipira, wotsogoleredwa ndi Sandile Ngcobo, yemwe kale anali mkulu wa oweruza onse m'dziko lino, ndipo lipoti lake lomaliza linatuluka mu 2019. Linapeza kuti makampani atatu okha, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, anali ndi mabedi oposa 80 pa 100 aliwonse a m'zipatala zolipira, komanso kuti mbali ya medical aid nayo ili m'manja mwa ochepa. Pamene ogulitsa ali ochepa chonchi, wodwala alibe kothawira mtengo ukakwera. N'chifukwa chake Mediclinic itafuna kugula zipatala za Matlosana ku Klerksdorp, nkhaniyo inakafika mpaka ku khoti lalikulu koposa m'dziko lino, Constitutional Court, imene mu 2021 inagamula kuti kugulako kuletsedwe, poopa kuti mitengo ikwera, makamaka kwa odwala amene alibe medical aid. Mu 2023 Mediclinic yomweyo inagulidwa ndi kampani yoika ndalama m'mabizinesi ya Remgro pamodzi ndi MSC, kampani imene ntchito yake yeniyeni ndi kuyendetsa sitima zonyamula makontena panyanja. Zimenezi zokha zikusonyeza mmene amalonda akuonera ntchito ya zaumoyo masiku ano.

Kumbali ya mankhwala zinayamba kale. Lamulo litasintha mu 2003 n'kulola kuti munthu amene sanaphunzire za mankhwala akhale mwini sitolo ya mankhwala, masitolo akuluakulu analowa mwamphamvu. Mu 2021 Clicks inatenga malo ogulitsira mankhwala amene anali m'masitolo a Pick n Pay, Dis-Chem n'kugula masitolo a mankhwala a Medicare, ndipo Shoprite ili ndi Medirite yake. Tsopano m'masitolo ambiri otere muli kachipinda ka namwino woyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndiponso wobaya katemera, ndipo m'malo ena amakulumikizani ndi dokotala pa kanema. M'malokeshoni mwabweranso makiliniki a Unjani, amene eni ake ndi anamwino. Dokotala wa payekha wapanikizika pakati pa onsewa, ndiye musadabwe kuti wanu wagulitsa. Lamulo la NHI, lokhazikitsa inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu May 2024 langowonjezera nkhawa kwa madokotala otere.

Za bilu ija, medical aid inayamba yakana, ikuti tinapita kumalo osavomerezeka. Ndinalemba kalata yokumbutsa kuti pansi pa lamulo la Medical Schemes Act la 1998 pali chithandizo chimene pulani iliyonse iyenera kulipira, chimene amachitcha PMB, ndipo matenda adzidzidzi ndi mphumu zili m'gulu limenelo. Atapitiriza kuzengereza ndinakadandaula ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid, kumene salipiritsa kanthu, ndipo ndalama yathu inabwezedwa. Dziwaninso kuti gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, ndipo silitchula za chitupa. Mukadzaima pa kauntala ndi wodwala wothedwa mpweya, nenani mokweza kuti ndi emergency ndipo pemphani namwino, nkhani ya ndalama ibwere pambuyo.

Tsono pa funso lanu loti muchoke kapena mukhale, ine ndinganene kuti musafulumire kuchoka, ngakhale ndalankhula zonsezi. Dokotala wina wa payekha amene mungathawireko akhoza kugulidwanso chaka chamawa, n'kuyambiranso mavuto omwewo. Ife pamapeto pake tinabwerera kwa kampani yomweyo titasintha pulani, chifukwa fayilo itakonzedwa tsopano imaoneka pa nthambi yawo iliyonse, ndipo mankhwala a mwana timatenga ku sitolo yaikulu imene imatikumbutsa pa foni asanathe. Chimene muyenera kuchita ndi kupita nokha ku kilinikiko mawa lomwe, osadalira foni, mukaime pa kauntala mpaka akuonetseni dzina la munthu aliyense wa m'banja mwanu pa kompyuta yatsopanoyo, nambala ya pasipoti italembedwa molondola. Pemphani kope la fayilo yanu yakale musunge kunyumba, chifukwa muli ndi ufulu wolandira zimenezo. Kenako imbirani medical aid muwapatse nambala ya kilinikiyo yolipiritsira, popeza eni akasintha nambalayo nthawi zina imasinthanso, ndipo yankho lawo alitumize pa imelo. Afunseninso kuti usiku mupite chipatala chiti, ndipo ngati m'nyumba muli wodwala shuga, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi, pemphani dokotala wakaleyo akulembereni kapepala ka mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi asanatsanzike.