Tsambalo muliyese kaye mutatseka maso

Achimwene, poti laibulale yanuyo mukuti ikutsegula tsamba la pa intaneti, chonde musatibwezere zomwe ndinakumana nazo ine. Maso angawa anafooka kalekale, pa foni ndimadalira TalkBack, pa kompyuta NVDA, mapulogalamu ondiwerengera mokweza zomwe zili pa sikirini. Usiku wina ndili kwathu ku Angónia, m'mawa mwake ndikapereke ntchito ya kusukulu, megas atatsala pang'ono kutha, ndinalowa tsamba la laibulale ya sukulu yomwe ndinkaphunzira. Foni ikungoti "botão, botão, imagem", osanena kuti batani lake ndi la chiyani. Ndinapapasa mpaka ndinafika polemba senha (mawu achinsinsi olowera), basi kwabwera tizilembo topindikapindika toti utsimikize kuti ndiwe munthu, popanda njira yomvera ndi makutu. Ndinachita kudzutsa mlongo wanga pakati pa usiku kuti andiwerengere. Bukulo litatseguka, PDF yake inali zithunzi zojambula masamba, foni inangoti zii. Misozi inatuluka, ndisaname.

Mawa lake ndinakwera chapa kukadandaula. Bambo wa pa desikiyo, maso ali pa foni yake, akuti "mukanabwera ndi munthu woona akuthandizeni". Ndiye tsambalo anapangira ndani? Mozambique inavomereza pangano la UN la ufulu wa anthu olumala mu 2012, koma anthu ngati amenewa amaona ngati tikupempha chifundo.

Zofunikazo si zodula ayi. Batani lililonse likhale ndi dzina, chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ochifotokoza, tsamba liziyenda ndi batani la Tab la pa kiyibodi popanda mouse, zilembo zizikula osasokonekera, ndipo mawu otuwa pa tsamba loyera ayi. Mabuku ojambulidwawo muwadutsitse mu OCR, pulogalamu yozindikira zilembo pa chithunzi, kuti akhale mawu enieni. Malamulo a WCAG, okhudza kupanga masamba oti anthu olumala azitha kuwagwiritsa ntchito, alipo pa intaneti kwaulere, amene akukupangiraniyo awawerenge. Tsambalo muliyesenso pa foni yotsika mtengo ya netiweki yofooka, chifukwa ku Tsangano ndi ku Macanga anthu ambiri sakhala ndi laputopu. A ACAMO, bungwe la anthu osaona ku Mozambique, muwaitane aliyese okha musanalitsegule.

Komabe kunena zoona, musadalire tsambalo kwambiri. Ikani nambala ya WhatsApp pamwamba penipeni, pakhale munthu woyankha. Ine panopa sindivutikanso n'kulowa, ndimangotuma mlongo wanga uja apite yekha akanditengere bukulo.