Kompyuta idikire kaye, yambani ndi zoyezera

Achimwene mwati mwatha zaka zitatu mukugwira sipanala pa galaji ina ku Chinamwali, pano mukufuna muyambe panokha, nde mukufunsa kuti kandalama mwasungako mugule kompyuta yoyezera magalimoto ija kapena zida za ovaholo, yomasula ndi kumanganso injini. Ndaona ambiri akuyankha kuti kompyuta kompyuta. Ine nditsutsako, ndipo mundipirire ndilemba zambiri, ndayamba kumasula ma injini kuno ku Matawale nthawi imene minibasi zambiri zinali za injini za 2L ndi 3L.

Kompyuta sikuti ndi yoipa ayi. Mukayibaya pa soketi ya mapini 16 ili pansi pa chiwongolero ija ikuuzani P0301, kutanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya moto, basi yathera pompo. Kaya ndi pulagi, kaya koyilo, kaya valavu yapsa, kaya maling'i atha, izo muziona nokha. Komanso tima kompyuta totchipa tolumikiza ku foni tija nthawi zina timakana kuwerenga magalimoto ena ochokera ku Japan, omwe ndi amene adzadza mu Zomba muno. Nde pa ntchito yomanga injini kompyutayo si yoyamba.

Choyamba ndi toki lenchi, sipanala yolira bawuti ikafika pa mphamvu imene mwayitchera, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndinagwa nayo ine. Kale ndinkamanga hedi ndi soketi, chogwirira ndi paipi ya madzi, nkumati dzanja langali limadziwa lokha. Pa ma injini achitsulo akale aja zinkatheka mwamwayi. Tsiku lina ndinamanga hedi ya Sienta choncho, mwini wake nkutenga alendo kukwera nawo Ku Chawe, asanafike pamwamba galimoto yawira, madzi akuthovoka pa ladiyeta. Anandiyimbira foni ine thukuta kamukamu. Titamasula tinapeza bawuti imodzi yadya mazinga a mu buloko chifukwa ndinakoka mopyola, zina zinali zosagwira bwino, gasiketi yatsopanoyo yapserera pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Ntchito yonse ndinabwereza ulere, gasiketi ndinagula ya m'thumba mwanga.

Injini ya 1NZ imene ili mu Sienta, Probox ndi Corolla zambiri ndi ya aluminiyamu, hedi ndi buloko yomwe, siyifuna mphamvu za kumunda. Mabawuti a hedi alipo 10, mumayamba kumanga apakati nkumapita kunja mopingasa, koyamba 29 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira pa toki lenchi), kenako mumakhotetsa bawuti iliyonse madigiri 90, nkubwerezanso ena 90. Geji ya madigiri ngati mulibe musadandaule, dontheza ka penti kapena tipeksi kutsogolo kwa mutu wa bawuti iliyonse, mukamaliza timadontho tonse tiyang'ane kumbuyo. Mutu wa mabawuti amenewa umafuna kiyi wa 8 mm wa makona 12, mukakakamiza aleni kiyi wamba mubulungitsa mkatimo nde mulira. Musanaike bawuti pukutani mabowo ake, oyilo kapena madzi akatsalira pansi toki lenchi imalira msanga hedi isanagwire, mwinanso buloko kung'aluka. Ndipo toki lenchiyo mukamaliza ntchito ibwezereni pa nambala yotsika, osamasulira mabawuti, osabwereketsa kwa anyamata a matayala.

Chachiwiri ndi fila geji, timalata topyapyala tija, yotchipa kuposa zonse koma anthu amayipeputsa. Maling'i atsopano musangowaveka pa pisitoni chifukwa pa bokosi alemba STD, kutanthauza saizi ya ku fakitale. Tengani ling'i imodzi, ilowetseni mu silinda, ikankheni ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, nde muyeze mpata wa pakamwa pakepo. Mpata ukachepa injini ikatentha nsonga zija zimagundana, ling'i kuthyoka nkukala silinda. Ukakula galimoto izingofuka utsi wabuluu ndi kumwa oyilo, kasitomala nkumati munaika maling'i akale. Fila geji yomweyo ndi chitsulo chowongoka mumayezera hedi ngati yapindika, pa 1NZ malire ake ndi 0.05 mm, ngati kukula kwa tsitsi limodzi, ndi maso simungaone olo mutavala magalasi. Ena amayezera lula ya kusukulu kkkk, lula yakeyo ndi yopindika kale kuposa hediyo.

Kenako maikulomita, choyezera kunenepa kwa chitsulo. Veniya ndi yabwino poyeza mabushi ndi zina, koma pa kulankishafuti siyikwanira, pamafunika choona mpaka 0.01 mm. Yambani ndi ya 25 mpaka 50 mm, ikwana kulanki ya magalimoto ang'onoang'ono ambiri, ya 1NZ mwachitsanzo pokhala mabelingi akulu ndi 46 mm, pa makoni lodi 40 mm. Za mapisitoni mudzagula pambuyo, ya 50 mpaka 75, ndi ya 75 mpaka 100 ngati mudzigwira Hiace ya 5L imene silinda yake ndi 99.5 mm. Poyeza musayeze malo amodzi, zungulirani, chifukwa injini ikanoka kulanki siyidyeka mofanana, imasanduka ngati dzira. Mukaikapo mabelingi atsopano pa dzira limenelo galimoto ifika pa Thondwe, ikalimba pa Namadzi, kugogoda kwayambiranso. Maikulomita ndi imene imakuuzani kuti iyi ingopukutidwa, iyi ipite ku Limbe akayigaye 0.25 kapena 0.50 mm. Ndipo ikabwerako muyezenso musanagule mabelingi. Ine shopu ina inandilembera pa kulanki kuti 0.25 chonsecho yagaya mopitirira, ndikanangokhulupirira choko chawocho oyilo pulesha ikanagwa tsiku lomwelo.

Pali kanthu kena ambiri kuno sakadziwa, Plastigauge, kali ngati ulusi wa phula. Mumadula kachidutswa, kuika pa kulanki youma, kumanga kapu ndi toki lenchi osazungulitsa kulankiyo, kumasula, nde mumafanizira mmene kaphwatalalira ndi mizere ya pa pepala lake. Kobiriwira kamayeza kuyambira 0.025 mpaka 0.076 mm. M'mashopu a mu tauni muno ine sindikapezapeza, ndimatuma wopita ku Blantyre kapena wochokera ku Joni.

Chofinyira maling'i polowetsa pisitoni gulani ndithu. Inde tonse tinayambira chitini cha mkaka chodula ndi kilampu ya paipi, ena masikuludalaiva awiri ndi mnzako wogogoda ndi mpini wa hamala, koma ling'i ya oyilo ikathyokera mkati simumva, mudzadziwa injini itakwera kale pa galimoto. Chofinyira masipuling'i a mavalavu nachonso, njira yomenya soketi ndi hamala ija timakotala timauluka, nde muzikwawa mu fumbi la mwezi wa Okutobala kusaka kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga. Honi ya miyala itatu yoika ku dililo ndi yotchipa, koma ntchito yake ndi kuchotsa kuwala kwa silinda kuti maling'i agwire, si yokonzera silinda yoti yakula. Mukahona tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo mpaka kansalu koyera katuluke koyera, petulo yekha sachotsa mchenga wa miyala ija.

China chimene ndikanagula ndisanagule kompyuta ndi geji ya kompulesheni, chifukwa imakupulumutsani kumasula injini yabwinobwino. Masilinda onse azifanana, wina akatsika kwambiri thirani ka supuni ka oyilo pa bowo la pulagi nkuyezanso. Nambala ikakwera ndi maling'i, ikakhala pomwepo yang'anani mavalavu kapena gasiketi. Ya petulo musayibaye pa dizilo, iphulika, dizilo ili ndi yakeyake.

Zina monga cheni buloko yokwezera injini, pula ya mapule, geji yoyezera mkati mwa silinda, poyamba mutha kumabwerekana ndi anzanu, tonse timatero. Mfuti ya mabawuti ya magetsi isakukopeni panopa, magetsi akazima mubwerera ku paipi yomwe ija.

Toki lenchi mukapeza ya kaunjika ya dzina ngati Gedore kapena Britool itengeni kusiyana ndi yatsopano yonyezimira yopanda dzina, bola muyiyese kaye. Panani sikweya yake, polowa soketi paja, pa vaisi chogwirira chigone mopingasa, yezani theka la mita kuchoka pa sikweyapo, pachikani chigubu cha madzi cholemera makilo 10, ikuyenera kulira pafupi ndi 49 Nm. Ngati vaisi mulibe bwerani nayo ku Matawale Loweruka m'mawa tidzayesere limodzi, chigubu ndili nacho.