Chifukwa chake maimelo asiya kufika mutasamutsa webusaiti

Achemwali, mwati chisamutsireni webusaiti ya loji yanu ya ku Likhubula kupita ku kampani ina yosunga mawebusaiti, tsamba likutseguka bwinobwino koma maimelo a alendo anasiya kufika. Mtima m'malo, zimenezi zimakonzeka, ndipo ndikuona kuti vuto lagona pa DNS.

Makompyuta sadziwana ndi mayina ayi, amapezana ndi manambala otchedwa IP address. Ndiye DNS, yomwe Paul Mockapetris anaikonza mu 1983, ili ngati kaundula wonena kuti dzina lakuti, kaya lothera ndi .mw kaya .com, mukalipeza pa nambala yakuti. M'kaundulamo muli mizere ingapo, uliwonse ndi ntchito yake.

Taganizani za loji yanu yomweyo. Mlendo wodzakwera Sapitwa amatsika kabaza pageti panu, koma kalata yolembera inu imakagwera m'bokosi ku positi ofesi ku boma. Dzina ndi limodzi, kofikira ndi kuwiri. Mzere wa A ndiye getilo, umalozera anthu komwe kuli webusaiti. Mzere wa MX ndiye bokosi lija, umanena kompyuta yolandira maimelo anu. Pali wina wa NS, wonena kuti kaundula yenseyo akusungidwa kuti. Amene anakusamutsiraniyo ayenera kuti anasintha NS, nalemba A m'kaundula watsopano, koma MX anamuiwala m'kaundula wakale. Geti lilipo, bokosi palibe.

Funsani kampani yomwe imasunga maimelo anu ikupatseni MX wolondola, mumulembe ndendende mmene aliri. Muwapemphenso mzere wa TXT wokhala ndi SPF, wonena makompyuta ololedwa kutumiza maimelo m'dzina lanu, kuti maimelo ochokera kwa inu asamaponyedwe ku spam. Mukasintha musathamangire kusinthanso. Mzere uliwonse uli ndi TTL, nthawi yomwe makompyuta ena amasunga yankho lakale, ndipo 3600 ndi masekondi, ola lathunthu. Pena zimatha tsiku.

China chomwe chimandipweteka mtima: fufuzani kuti dzina la webusaiti yanulo linalembetsedwa m'dzina la ndani. Dzina la pa intaneti timachita kubwereka, chaka chikatha kulipiranso. Ndinathandizapo gulu la alimi a tiyi ku Thyolo, mnyamata amene anawakonzera webusaiti analembetsa m'dzina lake n'kupita ku Johannesburg. Nthawi yolipira itadutsa zonse zinazima, pomwe adiresiyo anali atasindikiza kale pa chikwangwani ndi pa malisiti.

Jambulani tsamba loonetsa mizere ya DNS yanu, mubise password, muike pano tione limodzi mzere womwe ukusowa.