Za alendo ndi chuma chathu

Achimwene, mwafunsa ngati anthu obwera ndi chikhalidwe chawo ndi amene akutisaukitsa. Ine ndikukana, ndipo ndikuyankha ngati mwana wa ku Ntcheu.

Ife Angoni a kwa Gomani tinachokera kummwera m'zaka za m'ma 1800, tinakwatirana ndi Achewa mpaka lero timayankhula Chichewa, ndiye mlendo ndani apa? Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, isanathe mu 1992, dziko lino linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ena ochuluka ndithu konkuno ku Dedza ndi Ntcheu. Zoona nkhuni zinatha, mapiri anayera, pachipatala mzere unali wosayamba. Koma pitani pa Lizulu kapena Tsangano tsiku la msika muone, mbali iyi ya msewu Malawi mbali inayo Mozambique, kachewere, kabichi ndi tomato zikukwera malole kupita ku Blantyre ndi Lilongwe, ndalama ikuzungulira ndipo palibe amafunsa kuti mwini thumba ndi wa dziko liti.

Kumbukiraninso Kamuzu atachotsa amwenye m'matauni ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1970, masitolo ambiri anangotsala mabwinja, ife sitinalemere nazo ayi. Mu 2023 boma litabwezera maburundi ku Dzaleka, eni nyumba za lendi analira.

Chimandipweteka ndi chakuti abale athu ali ku Joni akutumiza ndalama za feteleza ndi fizi, akamenyedwa kumeneko timalira tonse. Pa mlendo ine ndimangofuna mapepala akhale olondola, azilipira msonkho ku MRA, ndipo akalemba ntchito ana athu aziwalipira bwino.