Impsoyo siinafe, Azakhali, ikugona

Azakhali, mwadzuka bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa naiti, ndangolowa m'nyumba kumene. Ndamva zimene mwafunsa m'gulumu, zoti asuweni anga anawaika impso Lachiwiri koma mpaka lero akadali pa dayalisisi, makina otsuka magazi aja, ndiye mukuti kodi madokotala a kuno ku England sanawapatse yowonongeka? Ayi, mtima m'malo kaye. Zimenezi ku wodi kwathu timaziona pafupifupi sabata iliyonse.

Impso alandirayo ndi ya munthu amene anamwalira. Akangoichotsa m'thupi magazi sayendamonso, ndiye kuti yayamba kusowa mpweya. Amaitsuka m'mitsempha ndi madzi ozizira a mankhwala, otchuka kwambiri ndi aja anapangidwa ku University of Wisconsin m'zaka za m'ma 1980, kenako n'kuikulunga m'mapepala apulasitiki, n'kuiika mu ayezi, kuzizira kwake ngati madigiri 4. Bokosi lake, Azakhali, mutaliona mukhoza kuseka. Silisiyana ndi lija timasungiramo zakumwa pa chinkhoswe. Ine tsiku loyamba kuliona ndinagwira pakamwa, ndinati moyo wa munthu uli m'menemu?

Kuzizirako kumangochedwetsa kuwonongeka, sikuti kumakuletsa. Ola lililonse impso ikuvulala pang'onopang'ono. N'chifukwa chake amayesetsa kuti asadutse maola 24, n'chifukwa chakenso asuweni anawaimbira foni pakati pa usiku kuti thamangani. Ndiye impso imene yakhalitsa mu ayezi nthawi zambiri imachedwa kudzuka. Ife timangoti ikugona. Ina masiku atatu, ina sabata ziwiri, ina kuposa pamenepo. Dayalisisi ndi yongowagwiririza podikira.

Mwina mukuyerekeza ndi anthu akwathu amene amapita ku India ndi m'bale wawo wowapatsa impso. Zimenezo n'zina. Impso imachoka m'chipinda ichi n'kulowa m'chipinda icho, siikhalitsa panja, ndipo kawirikawiri imayamba kutulutsa mkodzo dokotala asanamalize n'kusoka komwe.

Masiku ano kulinso makina. M'malo mongoigoneka mu ayezi, amailumikiza ku kapampu kamene kamayendetsa madzi ozizira aja m'mitsempha ulendo wonse. Anaziyesa ku Netherlands, Belgium ndi Germany, zotsatira zinatuluka mu 2009. Anachita mochenjera: impso ziwiri za munthu mmodzi, ina pa makina, ina mu ayezi, anthu opereka 336. Za pa makina zimene zinachedwa kudzuka zinali ngati 21 pa 100, za mu ayezi ngati 27. Chaka chitatha, 94 pa 100 za pa makina zinali zikugwirabe ntchito, za mu ayezi 90. Makina amathandiza ndithu, koma mwaonatu, ngakhale pa makinapo zina zimagonabe.

Sindikunamizani, impso yochedwa kudzuka amaiyang'anira kwambiri, chifukwa thupi likhoza kuyamba kuikana osazindikira msanga, poti siikukodzetsa kale. Ndiye m'mawa uliwonse amatenga magazi kuona creatinine, zoipa za m'magazi zimene impso imayenera kusefa, amaunika ndi sikani ngati magazi akulowa bwino mu impsomo, ndipo sabata ikatha osasintha amatapako kachidutswa ndi singano kukapima. Mukamva zimenezo musadzidzimuke, ndi m'mene zimayendera. Ife manesi ndiye maso amakhala pa thumba la mkodzo lija lili pambali pa bedi, ola ndi ola kulemba. Tsiku limene layamba kudzaza timasangalala ngati mvula yoyamba.

Alamu ndawauza kale kuti madokotala akamazungulira mawa afunse zinthu ziwiri: impsoyo inakhala panja maola angati, ndiponso sikani yasonyeza chiyani. Ine ndipita kukawaona Loweruka, ndikakuimbirani pa video muwaone nokha. Pano ndikagone, maso akulemera. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.